Mzere wokhota pa mtengo wa banja

Lolemba, 9 Juni

Mafunso wabwera ndi chipepala chachikulu ngati chitseko. Ntchito ya teremu yonse: mtengo wa banja, mibadwo inayi, mayina ndi zaka zobadwa. Anapatsidwa mwezi watha. Tsiku lopereka: Lolemba likubwerali. Ine akundiuza lero, nsapato ndisanavule. Mwana wa zaka khumi, chifundo alibe. Bambo ake akuti mbali yawo yatha: mayina asanu kuseri kwa envulopu yakale, basi ulendo wokaonera mpira. Amuna amabadwa ndi mwayi.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndaona zimene wajambula. Pamwamba pa dzina lake, mizere inayi, amayi anayi: ine, achemwali anga atelala aja, ndi akazi awiri a azichimwene a bambo ake. Akuti onse amawaitana amayi, ndiye vuto lili pati? Ndamukhazika pansi. Mzere umodzi wokha, kuchoka kwa mwana kupita kwa amene anamubala. Pepala silidziwa ulemu, limadziwa zoona. Mawu anga amenewo, ndinawanena ndikuloza ndi supuni. Labala wofufutira watha theka.

Lachinayi, 12 Juni

Chaka chimene malemu amayi anabadwa sindikuchikumbukira. Ndinamutuma akatenge chitupa chawo m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadirobu. Wakhala patebulo, lilime panja, kuchotsera manambala. Kenako: "Amayi, agogo anakubalani ali ndi zaka 54? Zimatheka?"

Ndinati wasokoneza. Ndachotsera ndekha. Kawiri. Kachitatu pa foni. 1987 kuchotsa 1933.

Ine! Digiri ya masamu, zaka khumi ndi ziwiri ku inshuwalansi, tsiku lonse kuwerengera zaka za anthu osawadziwa. Chitupa chimenechi ndachigwira kangati? Kuchipatala. Pa maliro.

Achemwali: 1971. Kundiposa ndi zaka 16.

Pensulo ndaiika pansi.

Lachisanu, 13 Juni

Kuntchito ndatumiza kalata kwa munthu wolakwika, kawiri. Mutu ukungotola zinthu zakale. Diresi la tsiku lolandira digiri, anasoka ndani. Analira ndani mpaka anthu kutembenuka, amayi atangokhala phee, chikwama pamiyendo. Anagona pasimenti kuchipatala ndani pamene ndinkabala Mafunso. Ine n'kumati achemwali angawa alibe zochita.

Bambo a Mafunso akuti mwina kalaliki analemba molakwa. Mwina. Koma maso ali pa rimoti. Nawonso ankadziwa? Kodi mbuli m'banja lino ndi ine ndekha, wa chipewa cha ngodya zinayi?

Loweruka, 14 Juni

Ndapita ku shopu kwa achemwali. Makina ali kulira, zidutswa za nsalu mbwee pansi, mapini kukamwa. Mu minibasi ndinakonza mawu, ndime ndi ndime. Kufika, ndangoika chitupa pa makinapo.

Phazi linaima. Anachotsa mapini kukamwa, imodziimodzi. Akuti: "Sukulu yonse ija, mpaka akuwerengere mwana?"

Kunyozedwanso, tsiku ngati ili! Ndinafuna kukalipa. Kukalipa ndimakudziwa ine, kuofesi amandithawa. Koma ndinangokhala pampando.

Anali pasukulu, akuti. Amayi anati mwanayu ndi wanga, iwe ndiwe mkulu wake, nkhani yathera pano. Kusukuluko sanabwererenso. Za mwamuna amene anawapatsa mimbayo akuti tsiku lina. Anandipima chiuno ndi maso n'kuti ndaonda. Kenako panalowa kasitomala wa zipi.

Ndabwera wapansi. Chitupa ndachiiwala komweko.

Lamlungu, 15 Juni

Mafunso wamaliza kupaka masamba. Watsala mzere wanga, akufuna kudziwa upita kuti. Ndamuuza zonse, mwachidule. Ndinati koma papepala tisiye mmene zinalili, aphunzitsi sakawerengera zaka za agogo a munthu. Watenga supuni, kundiloza: "Pepala silidziwa ulemu."

Ndinabala loya.

Ndawaimbira achemwali. Ndinati mwana ali ndi funso la kusukulu, mawa akupereka, ngati simukufuna tisiya. Anati amva. Anadula.

Lolemba, 16 Juni

Sikisi koloko m'mawa, kugogoda. Diresi la kutchalitchi, Lolemba! Chitupa m'manja. Anawerenga pepala lonse ataimirira, dzina ndi dzina. Mafunso anawapatsa rula. Ndi bolopeni, osati pensulo. Mwana ameneyu.

Anajambula okha, chopingasa, chifukwa mayina athu anali moyandikana, mkulu ndi mng'ono wake. Mzere wakhota. Telala wosoka kwa zaka makumi atatu, amene amadula nsalu osayeza, rula ili m'manja, mzere wokhota. Mtengo wonse wapendekeka. Aphunzitsi akachotsa malikisi, achotse.

Mafunso akupinda pepala: "Zikomo agogo." Phwii, ngati wakhala akunena chibadwire. Ana alibe manyazi.

Ndawaperekeza pa geti. Ndinati, muyende bwino a... Anadikira. Minibasi yawo inadutsa, dzanja sanakweze. Anadikirabe. Ndinawauza kuti kolala yawo yapindika.

Mawuwo ndi aafupi. Mafunso amandiitana nawo kakhumi pa ola, sakhumudwa lilime. Madzulo ndikudzera ku shopu. Ndiyese kaye pano:

Am