Argon Watha mu Glovebox

Ralph 11:52
sis Modester, mpweya wa argon watha mu glovebox, box yathu yosalowa mphepo ija. osadandaula ndasolva, ndalumikiza cylinder ya nitrogen

Modester 12:06
walumikiza CHANI?

Ralph 12:06
nitrogen. ma lab onse amatero, ndi mpweya wofatsa si choncho

Modester 12:07
wofatsa kwa anzako! zaka zitatu ndikuphunzitsa molybdenum wanga kugwira nitrogen, iwe ndy ukumuthirira wodzaza box?? tseka valve pompano

Ralph 12:08
eish

Ralph 12:08
ndatseka. walowa mwina 20 min

Modester 12:09
mayo ine. mu freezer ya mu box muli vial ya ma crystal ofiira. ali ndi 15N, nitrogen wolemera uja tinadikira miyezi kt afike. ndi umboni wanga wokhawo kt chitsulocho chinagwiradi mpweya. akasinthana ndi wako wambayo ndilibe paper, ndilibe thesis, ndipo permit yanga ya sukulu ku Joni kuno ikutha December

Ralph 12:10
sitingapange ena?

Modester 12:10
ndi chani? botolo la 15N linatha

Ralph 12:11
akuoneka bho koma, ofiirabe

Modester 12:11
mtundu susintha Ralph. angowola mwakachetechete

Ralph 12:12
muli kuti? bwerani plz

Modester 12:14
Park Station. bus ya ku Blantyre ikunyamuka 1. adadi awagoneka kuchipatala dzulo, achimwene akuti ndisachedwe

Ralph 12:14
pepani sis sindimadziwa

Modester 12:15
sindinauze munthu

Modester 12:19
ndikatenga taxi ndifika ku lab mu 15 min. koma bus indisiya, ina ndi Lachisanu

Ralph 12:20
ndy mutani?

Ralph 12:27
sis?

Modester 12:31
ndinafika mpaka pa gate ndi chikwama. ndabwerera. ma crystal uwasamala ndiwe, wawaputa wekha

Modester 12:32
🎤 1:12

Ralph 12:35
ndamva. ndibwereze: ndikabwereke argon kwa Maliki pa floor yachitatu, ndi flush box kt nitrogen yense atuluke, freezer osatsegula mpaka nditamaliza. kenako ndichotse madzi, ma crystal akhale ozizira, kamodzi kokha ndiwayeze pa makina a IR

Modester 12:36
eya. nambala ya peak ikakhala cha m'ma 1990 ndi nitrogen wako, zatha. cha m'ma 1925 ndi wanga

Ralph 12:44
Maliki akuti cylinder yake ili pa reaction

Modester 12:44
mugwadire. muuze ndidzamutsukira ma flask mpaka Khrisimasi

Ralph 12:51
wavomera. akuti ndi ma column omwe

Modester 12:52
mxm. mbava. ok

Modester 13:04
tanyamuka. ndakhala pakati pa mabelo a mabulangete ndi mayi wina akundifunsa ngati ndikudwala. ndikulira ngati mwana Ralph, ndipo sindikudziwa kt ndikulirira ziti

Ralph 13:05
box ili pa flush. ndakulakwirani sis

Modester 13:09
udzapepesa ndikadzabwera. yang'ana gauge

Modester 13:40
adadi amauza mudzi wonse kt mwana wawo ali ku Joni akupanga feteleza ndi mpweya. ndinawauza kambirimbiri kt sizinafike pamenepo, ndangogwira kampweyako basi. amangoti ukagwira udzandiuze ndine woyamba

Ralph 14:22
ndatsegula freezer. chivindikiro chinali cholimba ndithu

Modester 14:23
cholimba bwanji

Ralph 14:23
cholimbako

Modester 14:23
Ralph!!

Ralph 14:58
IR ili ndi queue, ana a honours atatu ali patsogolo

Modester 14:59
awuze kt kuli maliro

Modester 14:59
ayi. usanene zimenezo. Mulungu andikhululukire

Modester 15:30
battery 4%, socket ya mu bus ndi yakufa

Ralph 15:47
ndalowa. ikuscanner

Ralph 15:53
1924!!! palibe kanthu pa 1990. ndi wanu sis, wagwira!

Ralph 15:54
sis Modester

Ralph 16:20
📞 simunayankhe

Ralph 17:05
ndiwauze a Prof?

Modester 17:48
ndabwereka power bank kwa mayi aja. ndaona

Modester 17:48
a Prof usawauze kaye. pali woyamba

Modester 17:50
achimwene sakuyankha foni