Nkhope Yanga ndi Mabotolo Anu

12 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tili bwino, ndipo amayi mwendo uja wasiya kuwavuta.

Phukusi lanu linafika, zikomo kwambiri. Koma ndikuuzeni zoona, mabotolo aja ndinawapaka onse pamodzi. Munandiuza kuti ndiyambe ndi limodzi, koma ine ndinati ziphuphu zangazi n'zouma mutu, zikufunika gulu. M'mawa sopo wa thovu uja, kenako wokhulira wa timchenga, kenako madzi oluma aja, pamwamba pake kirimu. Madzulo ndinkawonjezera mafuta amene anandipatsa mnzanga wometa tsitsi. Pashelefu ya kubafa panalibenso poika mswachi.

Sabata isanathe nkhope inafiira, inkayaka ngati ndapaka tsabola, khungu n'kuyamba kusupuka. Ana a m'kalasi mwanga, amene amanditcha Chinanazi, anasiya kundiseka, chifundo chitawagwira. Dokotala wa khungu anaseka, nati, "Aphunzitsi, nkhope si khoma lomangopentapenta ayi." Anandiletsa zonse, n'kundisiyira sopo wofatsa ndi kirimu mmodzi.

Vuto linali loti Loweruka la sabata yomweyo ndinkayenera kukakumana ndi makolo a namwino uja ndinakuuzani kuti ndikufuna kumukwatira. Amayi anati, "Mwana wanga, uwauze kuti wadwala." Ndinakana. Munthu wobisala chifukwa cha ziphuphu angasunge banja?

Ndinavala jekete langa labuluu n'kupita. Titakhala pabalaza, bambo ake anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nkhopeyi mwapsa ndi moto kapena?"

Ndinati, "Ayi bambo, ndimafuna kufika kuno ndili wosalala, ndiye ndinapupuluma. Koma mwana wanuyu anandikonda ziphuphu zilipo, ndipo ine sindibwerera m'mbuyo."

Mayi ake anaseka mpaka tiyi anawatsamwa. Bambowo anatembenukira kwa mwana wawo, iye anangoti, "Ndi yemweyu." Pochoka bambowo anandiperekeza okha mpaka pachipata, atandigwira paphewa.

Pano khungu likupola. Ziphuphu zina zikadalipo pachibwano, ndipo mwina zidzaonekanso pa zithunzi za ukwati. Zikhale, sizindisowetsanso tulo. Ndikudziwa kuti mumatumiza zimenezi chifukwa mumakumbukira mmene ndinkalirira pobwera kusukulu anzanga atandiseka, inu n'kumandipukuta misozi ndi nsalu yanu. Mwana ujatu anakula, Achemwali. Musatumizenso botolo lina. Ukwati uli mu Disembala, ndipo chimene ndikufuna ndi inuyo. Mudzakhale pafupi ndi amayi, pampando umene akanakhalapo bambo athu.

Amayi akupereka moni. Mlamu wanu watsopano akuti akufuna kukuonani ndi maso, osati pafoni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira