Mizere Itatu Imene Ndinafufuta

14 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, denga la khitchini lija tinakonza, ndipo mphaka wanu wanenepa ngati bwana.

Koma chimene ndalembera si mphaka. Mukukumbukira pulogalamu ya kaundula wa odwala imene munalembera chipatala chathuchi musanachoke? Pondisiyira munati, "Laibulale ija, chigawo cha pulogalamu chobisa zinsinsi za odwala, usamaiseweretse." Mwezi watha adokotala aakulu anati ndiike yatsopano, yakaleyo yatha ntchito. Nditaiika, pulogalamu inakana kukompaila, osayenda n'komwe. Sikirini yonse inafiira, ikuti dzina limene munkaitanira loko wa zinsinsiyo mulibe m'laibulale yatsopano. Panja odwala anali atadzaza mabenchi, anamwino akungosuzumira pakhomo: "Mayi wa makompyuta, titseke chipatala kodi?"

Ndikanakuimbirani. Koma ndinachita manyazi, poti mumandiseka kuti ndimathamangira kwa inu ngakhale mawusi ikangotha batire. Safunsa anadya phula: ndinafufuta mizere itatu ya m'pulogalamu imene inkakanayo. Pulogalamu inayenda, anamwino anaomba m'manja, ine n'kumamwetulira. Mizereyo ndi imene inkatseka zotsatira za odwala, ndipo ndinkadziwa. Ndinati ndikonza mawa, koma mawalo lakwana masabata atatu.

Dzulo masana ndinatsegula kaundula kuti ndione kukula kwa vutolo. Zonse zili pambalambanda, aliyense wa mu ofesi angawerenge. Ndisanatseke, maso anga anagwera pa dzina la amayi. Achimwene, masiku aja amati akupita kukwaya, amabwera kuchipatala chathu ine nditaweruka. Ali ndi chotupa m'bere, ndipo adokotala analemba kuti iwo apempha kuti ana awo asauzidwe.

Loko wanu anawasungira chinsinsi miyezi isanu. Ine ndachiswa ndi chala chimodzi, ndipo pokuuzani ndikuchiswanso. Mtima ukundiwawa, sindikutha kuwayang'ana kumaso.

Chonde nditumizireni njira yobwezera mizereyo. Mawa ndikaulula kwa adokotala, kaya andichotsa ntchito, andichotse. Ndipo bwerani, musadikire tchuthi. Mukafika musaonetse kuti mukudziwa, mungoti munawasowa.

Amayi ali pakhondepa, akusokerera batani pa malaya anga a kuntchito. Ndawauza kuti ndikukulemberani. Akuti ndikupatseni moni wambiri, musamawononge ndalama ndi maulendo, iwo ali bwino kwambiri.

Ine mlongo wanu wosamva uja,
Chitsirizira