Asiyatu Sanapatuke Panjira

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Kuno tilipo. Mlongo wanga Eliza anabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Nyanja inadzaza chaka chino mpaka kumiza dimba lanu la kumunsi, choncho chimanga tapeza chochepa. Usipa nawo ukuvuta.

Koma si izi zandigwiritsa cholembera. Mpongozi wanu Asiyatu, mkazi wanga, anakutsatirani mwezi wa Juni. Mwina mwaonana kale. Ngati ndi choncho, ndikudziwa kuti sanakuuzeni zonse, paja iye sadandaula.

Bambo ake atamwalira ku Chiponde, anapita ku sadaka ya masiku makumi anayi, monga amachitira Asilamu pokumbukira malemu. Anatunga madzi, anaphika mpunga, anatsuka mbale. Bambo ake omubereka, Amayi. Wina anakanena kwa akulu a mpingo, ndipo anamuimitsa pa mgonero miyezi isanu ndi umodzi. Munthu amene wasesa tchalitchi chija kuyambira tsiku limene munamuimira pa ubatizo. Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo nthawi ya mgonero ankatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango. Malungo anamutenga kutatsala milungu itatu kuti chilango chithe.

Pamaliro kwaya sinaimbe. Amayi a mpingo anabwera opanda yunifolomu, ngati akupita kumsika. Bulauzi yake yoyera ya yunifolomu ndinaisita ndekha, koma anandiletsa kuiika pabokosi. Amene anathandiza kukumba manda ndi alongo ake, Asilamu omwe aja amene sankamulankhula chifukwa chobatizidwa. A Gama, mkulu wa mpingo, polalikira anati chikhristu ndi mpikisano wothamanga, ndipo ena amathamanga bwino n'kupatuka atatsala pang'ono kufika. Tamanda, mdzukulu wanu, anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Kukhala chete kwanga kwa tsiku limenelo kumandiwawa kuposa mawu a a Gama.

Mukukumbukira mpikisano wa masukulu pa bwalo la ku boma, ndili Sitandade 7? Ndinapunthwa pozungulira komaliza, chala chinang'ambika, anzanga onse n'kundipitirira. Inu munamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo, aphunzitsi akukukalipirani. Simunandinyamule. Munathamanga pambali panga mpaka kumapeto, ine womaliza, magazi ali chuchuchu. Pomanga bala kunyumba munati, "Chala chikapunthwa sitidula mwendo." Inu simunaphunzire zolalikira, komabe munkadziwa kuti wothamanga akavulala umalowa m'bwalo. Akulu athuwa anakhala pamthunzi, n'kumayang'ana amene waponda kunja kwa mzere.

Ndipo Asiyatu sanapunthwe n'komwe. Kulira bambo ako ndi kupatuka? Wopatuka amabwera milungu yonse ija kudzakhala kumbuyo anthu akumunong'ona?

Tamanda wasiya kupita ku kalasi ya ubatizo. Dzana, tikusenda chinangwa, anandifunsa ngati amayi ake anapatukadi. Ndinamuuza kuti ayi. Anati nanga bwanji sindinanene pamaliro paja. Mwanayu ndikumutaya, Amayi, ndipo akachoka achoka ndi Mulungu yemwe, chifukwa akuganiza kuti Mulungu ndi a Gama amalankhula chimodzimodzi.

Lamulungu likubwerali ndi la achinyamata. Mapemphero akatha ana adzathamanga pabwalo la tchalitchi, ndipo andipempha kuti ndilankhule za mpikisano wa chikhulupiriro, poti ndinali wothamanga. Akuyesa kuti ndaiwala ulaliki wa a Gama uja. Ndavomera.

Tamanda wati abwera, koma akhala pa benchi ya kumbuyo pamene ankakhala amayi ake. Ndikukulonjezani kuti ndidzaima kutsogolo ndi bulauzi ija m'manja, ndidzatchula dzina la Asiyatu, ndipo ndidzanena kuti anafika kumapeto. Akafuna kundiimitsa andiimitse. Mtengo wa mango uja ndikuudziwa, ndipo mpingo sindichokamo.

Mumuuze Asiyatu kuti ndachedwa kulowa m'bwalo, koma ndikulowa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane