Chitini Chachinayi

Lolemba, 8 Ogasiti 1994

Mphepo ndi fumbi tsiku lonse. Chifuwa chayambanso.

Nyumba ya kanema aigulitsa kwa a tchalitchi. Ndamva kumsika wa Maramba pogula fodya. Filimu yomaliza Lamulungu masana, ya Chimwenye. Ndaseka. Kenako fodya ndamuiwala pathebulo la wogulitsa.

Zaka khumi ndi zitatu osapondamo. Ine amene ndinkanyamula zitini za filimu panjinga kuchokera kusiteshoni. Ine amene anthu a mipando yakutsogolo ankalimbirana kukhala nane pafupi kuti ndiziwafotokozera nkhani. Chimwenye sindichidziwa, koma nkhope ndimaziwerenga. Mayi akangoyatsa kanyali, ndimadziwa kuti mwana wotayika ali m'njira.

Lachitatu, 10 Ogasiti

Kwabwera Mbaita, mwana wa Simataa. Wakula, ali ndi wake kumbuyo. Akuti shuga anawapha maso atate ake chaka chatha. "Ba Bizwell, batate bakuti mukankhale nabo pa Sondo, muzibauza vamene vichitika."

Simataa! Woyendetsa makina. Tsiku lija mu 1981 anaika chitini chachinayi m'malo mwa chachitatu. Mtsikana anamwalira, anthu analira, kenako yemweyo akuvina paukwati wake. Amwenye a mipando ya m'mwamba anaimirira, phokoso. Bwana atakwera kukafunsa, Simataa anandinamizira kuti ndine ndinasokoneza zitini panjinga. Ine Sitandade 4, iye Fomu 2. Akanakhulupirira yani? Ntchito yanga inatha tsiku lomwelo.

Ndamuuza Mbaita kuti atate ake ayambe anena amene anasokoneza.

Lachisanu, 12 Ogasiti

Mbaita wabweranso. "Bakuti ni beve banasokoneza. Bakuti banayopa, banali na bana six."

Nanga ine ndinalibe ana? Mervis wanga anapita kumanda anthu akumutchabe mkazi wa uja anaononga filimu. Mawu otuma mwana. Abwere anene ndi pakamwa pake.

Jekete ndalichapa. Linali lakuda basi, palibe china.

Lamulungu, 14 Ogasiti

Ndinapita. Ndinaima tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo. Ndinamuona Simataa akutsika galimoto, Mbaita atamugwira mkono. Waonda. Tayi yofiira ija ya masiku a ntchito. Pakhomo anaima, nkutembenuzira mutu uku ndi uku ngati akumvetsera mapazi. Mwendo wanga unafuna. Mtima unakana.

Atalowa ndinazungulira kuseri, kukhoma kumene ndakhala ndikumvetsera nyimbo zaka zonsezi. Maola atatu. Nyimbo zisanu ndi imodzi, ya mvula, ya ukwati, ina ya mwamuna yekha ndi chitoliro. Chakumapeto mfuti kawiri, kenako zii. Anthu anatuluka akupukuta m'maso.

Ndabwerera wapansi. Sindinadye.

Lachiwiri, 16 Ogasiti

Mbaita ndakumana naye pamsika. Sanandipatse moni bwino. Akuti anagula matikiti atatu. Mpando wapakati unakhala wopanda munthu, atate ake atauikira chipewa kuti wina asakhalepo. Chitseko chikangolira, "Ni Bizwell?" Iye anayesa kuwafotokozera koma anasokonezeka, akuti akazi awiri a mufilimuyo ankafanana. Atate ake anangoti, "Leka, mwana wanga."

Ndimati ndikamva zotere mtima uzizira. Sunazizire.

Lachinayi, 18 Ogasiti

Ndapita kwawo. Simataa ndamupeza pakhonde, wailesi yozima pamwendo. Wandidziwa ndi chifuwa. Za 1981 sanatchule, inenso sindinafunse. Wagwira dzanja langa nthawi yaitali, manja ake ozizira.

Kenako, monga ankandiitanira kale pantchito, "Mulamu, niuzeko chabe. Mfuti zija zibili, anafa ni ndani?" Akuganiza kuti ndinalowa mochedwa nkukhala kumbuyo. Akuti anamva fungo la fodya wanga.

Ndikanatha kupeka. Ndapekera anthu nkhani zaka makumi awiri, ndani anadandaula? Koma lero ayi. Ndamuuza zoona, kuti ndinali kuseri kwa khoma, sindinaone kanthu.

Kenako akuti, "Ndiye tonse tinangomvera."

Takhala mpaka dzuwa kupendeka, kuyesa kulumikiza nkhaniyo ndi nyimbo zokha. Iye akuti anafa ndi mkulu wake wa mnyamata. Ine ndikuti ndi mtsikana. Palibe wotiweruza. Zitini zinakwera sitima Lolemba, ndipo mipando ayamba kale kuzula.