Amayi, Musandipepesere kwa Apongozi

Pa sitima, doko la Cartagena
Lachinayi

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Nanga chifuwa cha Bambo chili bwanji ndi mvula ya ku Soná? Ine ndili bwino, ndikudya ndiponso ndikugona.

Kalatayi ndalemba ndi dzanja, ndiijambula pa foni n'kutumiza kwa Dalys kuti akuwerengereni. Sindinafune kuimba chifukwa mukundidziwa, pa foni mawu amandithera ndipo ndimangovomera zilizonse. Dalys mng'ono wanga, uwerenge zonse, usadumphe pena.

Nkhani ndi iyi. Apongozi anga, a Doña Briseida, akuti tikangobwerera ku Colón adzakuimbirani kukuuzani kuti munabereka mwana wopanda mwambo. Ndafuna kuti muyambe mwamva kwa ine.

Mukudziwa kuti ulendo wa pa sitimawu anawakonzera ana awo pokondwerera tsiku lawo lobadwa. Mukudziwanso za makina anga opumira, aja anandipatsa adokotala atapeza kuti wanga si mkonono chabe, koma mpweya umandidukira ndili m'tulo. Chiyambire kugona nawo, mutu wa m'mawa uja unasiya, ndipo sindiwodzeranso ndikuphika. Apongozi anati ndiwasiye kunyumba, sabata imodzi sindingafe, anthu angaganize kuti banja lawo lanyamula wodwala. Alamu anga a Rigoberto, akulu awo a amuna anga, amanditchula kuti Njovu chifukwa cha paipi yochokera pamphuno ija. Ndikamalowa m'nyumba amati tsekulani zitseko zonse, njovu ikudutsa. Ine ndinkangomwetulira. Koma makina ndinanyamula.

Makinawa ali ndi kathanki kothiramo madzi, ndipo amawatenthetsa kuti mpweya usandiumitse kukhosi. Safuna madzi a pampopi, koma aja ogula ku famase. Ndinagula chigubu chimodzi, ndinamatapo pulasitala ndi kulembapo dzina langa lonse.

Tsiku lonyamuka a Rigoberto anasanduka munthu wabwino. Anati mlamu usavutike, chigubu n'cholemera, ndikuikira ndine m'sutikesi mwako. Ndinathokoza. Ndinayesa kuti mwina manyazi ayamba kuwagwira.

Titakwera, katundu wa onse anafika m'zipinda, wanga ayi. Kenako anandiitana pansi, kumene alonda amasunga katundu wokayikitsa. Apongozi ndi a Rigoberto ananditsatira, ndipo ndinadabwa kuona alamu akutuluka thukuta pamalo pozizira chonchija. Mlonda wake anali mayi wamtali. Anakhutchumula chigubu, nayang'ana thovu, natsekula n'kundinunkhitsa. Amayi, munali seco. Mowa wa nzimbe weniweni, woyera ngati madzi, chigubu chodzaza, dzina langa lili pamwamba. Mowa wa pa sitima ndi wodula ndipo kulowa ndi wako saloleza, tsono alamu anaganiza kuti madzi a wodwala palibe angawatsekule.

Apongozi anandikokera pambali. Anati mwananga ungovomera kuti ndi wako, angoutaya basi, munthu wamkazi samuchita kanthu. Anati ukudziwa kuti Rigo analumbira pamaso pa mkazi wake Maritza ndi abusa kuti anasiya mowa, Maritza akamva banja latha, kodi ana aja udzawalera ndiwe? Nawonso alamu anati iwe Njovu usakulitse nkhani, ndikanabwera kudzatenga mowa wanga n'kukutungira a pampopi, madzi ndi madzi.

Ndinawafunsa kuti nanga ndikanathira m'makina iwo asanabwere? Anaseka. Anati ndikanakhala munthu woyamba kuledzera ndi mphuno.

Kuseka kumeneko ndi kumene kunandilimbitsa mtima. Mlonda atafunsanso kuti mowawu ndi wa ndani, mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana, koma ndinati dzina ndi langa, chigubu ndi changa, mowa ndi wa bambo awa. Anati sanamve, ndibwereze. Ndinabwereza.

Mowa anautaya, alamu anawachenjeza. M'mawa mwake Maritza anandifunsa yekha chimene tinakachita pansi paja, ndipo sindinamunamize. Pano sakulankhula ndi mwamuna wake. Zimenezi zikundimvetsa chisoni, chifukwa Maritza ndi munthu wabwino, koma amene anathira mowa m'chigubu si ine.

Za madzi musade nkhawa. Mayi wokonza chipinda chathu, wa ku Honduras, anandibweretsera chigubu china. Akuti pa sitima amasunga madzi otere chifukwa ogona ndi makina ngati anga ndi ambiri, okalamba ndi achinyamata omwe, ndipo palibe amene amatembenuka kuwayang'ana.

Amuna anga a Eliécer poyamba anati ukanangokhala chete, amayi ndi amayi. Ndinawayankha kuti inenso ndine mwana wa munthu.

Dzulo kunali chakudya cha tsiku lobadwa lija. Masana apongozi anatumiza mawu akuti ndikapepese pamaso pa onse chifukwa chochititsa banja manyazi. Anati ndikapanda kutero ndikumbukire kuti zipinda ziwiri za kuseri zomwe timakhalamo ndi za nyumba yawo. Ndinavala diresi lobiriwira munandisokera lija. Keke itafika, apongozi anagogoda tambula ndi supuni nati mpongozi wanga ali ndi mawu. Ndinaimirira. Ndinawafunira moyo wautali, ndinathokoza chifukwa cha ulendo, ndinakhala pansi.

Anandifunsa kuti wamaliza? Ndinati ndamaliza, amayi. Anati pali mawu amodzi amene watsala nawo. Ndinati amene atsala nawo mawuwo si ine, ali apo akudya nkhuku. A Rigoberto anasiya kutafuna.

Ndinanyamuka n'kupita panja, pamene pamaoneka nyanja. Patapita kanthawi a Eliécer anabwera atanyamula mbale ziwiri za keke. Anandipatsa imodzi, tinadya titaimirira. Sindikudziwa ngati adzaimabe nane tikafika kumtunda. Pa sitima n'kosavuta, koma kunyumba khomo la amayi awo layang'anizana ndi lathu.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. A Doña Briseida akakuimbirani, muwalonjere bwino, muwamvetsere mpaka amalize, koma musandipepesere. Ndikukudziwani Amayi, mudzayamba kunena kuti mumukhululukire ndi mwana, sanapite patali ndi sukulu, ifeyo ndife a kumudzi. Musanene zimenezo. Mukapepesa inu ndiye kuti ndapepesa ine. Munandiphunzitsa kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ndakhala ndikuviika chikwatiwire. Iyi yokha sindinaviike, ndaikana poyera. Mukasowa chonena, mungoti mwamva, n'kuwatsanzika.

Mundiperekere moni kwa Bambo, kwa azakhali a Fermina, kwa achimwene a Nicanor ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Amalume a Eustorgio muwauze kuti nyanja ndaiona, ndipo sindinasanze monga ankanenera.

Apongozi akaumirira zondichotsa m'nyumba mwawo, sindidzagwada. Ndidzakwera basi ya ku Soná ndi makina anga pamiyendo. Choncho bedi langa lakale lija muuze Dalys alichotse m'khitchini, aliike kuchipinda, mbali yomwe kuli soketi ya magetsi.

Ndatha ine mwana wanu wokukondani,
Yarisel