Mapiritsi Ogawana ku Bangwe

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni. Kuno ku Chilomoni tilipo, kungoti mwendo wa Amayi ukadatupabe.

Dzulo aprofesa anakana zotsatira za kafukufuku wanga wa PhD. Odwala BP omwe ndawatsatira zaka zitatu ku Bangwe akhala akugawana mapiritsi ndi anzawo. Mayi wina anachita kundiseka: "Adokotala, aneba azibuula ndi mutu ine ndikumwa ndekha? Timangobenthulirana."

Sindikuwaimba mlandu. Koma posadziwa mlingo womwe aliyense anamwa, palibe chomwe ndingatsimikize, ndipo m'kalasi zimenezi sanatichenjeze.

Tikiti yobwerera kudzandiona ndikulandira digiri musagule. Ambuye akusungeni, nane muzindipempherera. Komiti ya ku yunivesite yoona za kafukufukuyu ikumana Lachinayi, ndipo ndikuyembekezera kuti andiuza kuti ndiyambirenso kapena ndingosiya.

Ndine mng'ono wanu,
Tereza